Makwerero a Apongozi Anga

Anayamba ndi Yankho, mwana wanga wamng'ono, asanakwanitse n'komwe zaka zitatu. Anatola phale la mphika wosweka, n'kulikweza m'mwamba ndi manja onse awiri, n'kumazungulira pabwalo akutsimphina ngati agogo ake aamuna, uku akung'ung'udza kuti, "Netiweki paibe, netiweki paibe." Anthu anaseka mpaka misozi. Apongozi anga aakazi anachita kugwira nthiti. Ine ndinali kupeta mphale pakhonde ndipo sindinaseke, chifukwa ndinaona kumene timapazi take tinkalowera. Tinkalowera kuseri kwa chigafa cha fodya, kuchulu kumene kuli mkuyu waukulu, kumene kunali makwerero.

Loweruka lapitali tinali pamwambo wa chiliza cha apongozi anga aamuna, aphunzitsi a Mbewe, amene anatisiya chaka chatha dzinja lili mkati. Analankhula akuluampingo, analankhula amene anaphunzitsidwa nawo, ndipo onse mawu anali amodzi, akuti bambowa anafa akufunafuna nzeru. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi anzanga, Yankho ndamupana ndi miyendo, mtima ukuwira ngati madzi a pamoto. Mtengwa salankhula pamanda a eni mudzi. Koma sukulu, ngakhale ndinalekera sitandade seveni, inandisiyira kulemba, ndiye ndilemba zimene ndinaona ndi maso angawa.

Musamve ngati ndinkadana ndi apongozi angawo ayi. Munthu amene anandisemera mpini ndingadane naye bwanji?

Ine Nabanda ndinabwera pamudzi pano, kumpoto kwa Nsaru, nditakwatiwa ndi mwana wawo Lameki. Mwambo mukuudziwa, ine ndi iwo sitinkayang'anana kumaso. Ndikafuna kunena kanthu ndinkagwada patali, nkhope kumbali, mawu n'kudzera mwa amayi Nachisale, akazi awo. Ndili ndi pakati pa Tiyamike, mwana wanga woyamba, msana unkandipweteka polima, koma sindinauze munthu. Ndinangowaona ataima kumalire a munda, manja kumbuyo, ngati akuyang'ana mizere. M'mawa wina ndinapeza khasu langa litatsamira pakhomo lili ndi mpini watsopano, wautali pang'ono, wowonda pogwirira molingana ndi manja anga. Ndinadziwa kuti ndi iwo, koma sindinathokoze pakamwa. Ndinalima mpaka mwezi wobereka.

Anali otero. Mpini sankagula. Ankati mpini sayezera pakhasu, amayezera pamsana wa wolimayo, ndipo wosema wabwino amayamba wakhala kaye phee n'kumaonerera mwini wake akugwira ntchito. Amayi Nachisale ndi amanzere, ndipo chipande chawo chinasemedwa chopendekera kumanzere. Mdzukulu aliyense anali ndi kampando ka msinkhu wake. Ndimamva kuti ali pantchito cha ku Kabudula anafupikitsa miyendo ya mabenchi a sitandade wani ndi sowo, osapempha munthu, chifukwa ana ankalendewera mapazi tsiku lonse. Anakangana ndi ahedi mpaka nkhani inafika kwa akuluakulu. Apongozi anga anangoti ayitane mwana mmodzi akhalepo aone.

Anali ndi mkwiyo wawo umene ankaubisa m'nyimbo. Akayamba kuyimba ya m'buku la kutchalitchi ndi likhweru, kasemasema ali m'manja, tinkadziwa kuti akumbukira. Moyo wawo wonse anaphunzitsa ana a pulayimale, ndipo anyamata amene anawagwira dzanja powaonetsa kalembedwe ka pabolodi ankapita ku sukulu za ukachenjede, n'kubwera ndi digiri, n'kukhala mabwana awo. Mmodzi anawayitanapo kuti "madala" pamaso pa ana. Mawu amenewo anapuma nawo pantchito, anabwera nawo kumudzi, ankadya nawo.

Ndiye atamva kuti sukulu ina ya ukachenjede ya mumzinda yayamba kuphunzitsa anthu ali kwawo kudzera pafoni, analembetsa.

"Digiriyo mukaionetsa ndani?" anatero amayi Nachisale. "Chiswe cha kumanda?"

"Ndidzaonetsa inu, Nachisale, kuti muzidziwa amene mukumuphikira."

"Ndakuphikirani zaka zonsezi mulibe digiri, mchere sunachepe."

"Unkachepa. Ndinkangopirira."

Maphunzirowo anali m'pulogalamu ya pafoni. Eni ake ankalengeza kuti munthu akhoza kuphunzira paliponse pamene ali. Paliponse! Zilembo zinali ngati nyerere, ndipo bambo ankazisuzumira magalasi ali pamphuno mpaka maso kufiira. Podina pake panali pang'onong'ono, chala chawo chokakala ndi fodya ndi kasemasema chikadina pamodzi chinkadina pawiri. Ankachita kufunsa foniyo mokweza kuti kodi amene anakupanga ali ndi zala za singano? Koma choipitsitsa chinali ichi: phunziro silinkasungika mufoni. Munthu ankayenera kuonera netiweki ilipo, ikaduka phunziro n'kuyambiranso poyamba, mphunzitsi wa mufonimo n'kuperekanso moni ngati sanakuoneni. Moni ameneyo ngakhale Tiyamike anamuloweza. Bambo ankati anthuwa anasema mpini akudziyang'ana okha pagalasi.

Mudzi wathu uli m'chigwa, m'mphepete mwa dambo. Netiweki imadutsa pamwamba ngati akakowa. Malo okhawo imene inkagwira osaduka anali m'mwamba mwa mkuyu wa pachulu, ndipo anatulukira ndi Lameki tsiku lina akudula nthambi. Sabata isanathe bambo anali atamanga nsanja m'mphanda za mtengowo, pamwamba kuposa denga la chigafa. Anakwezako mpando n'kuumangirira ndi linya, anafolera ndi pepala lapulasitiki. Kenaka anapanga makwerero a milimo ya bulugamu. Pakuti mawondo awo sankapindika bwino, timitengo topondapo anatiyika pafupipafupi, kuti mwendo usamakwere patali.

Anayezera pa mawondo awo. Munthu amene ankayezera aliyense, ulendo uno anayezera iwo okha. Makwerero okwana nkhalamba ya mawondo owuma ndi makwerero okwananso mwana wa zaka ziwiri. Ine ndinaziona tsiku loyamba lomwelo. Iwo maso anali pafoni.

Nditamupeza Tiyamike ali pakatikati pa makwerero, diresi likuuluzika ndi mphepo, ndinapita kukagwada kwa amayi Nachisale. Amayi anakanena. Zimene anayankha ndinazimva ndili kuseri kwa nyumba, poti bambo analankhula mokweza dala kuti zindifike.

"Muwauze a Nabanda asade nkhawa. Ndalera ana a eni ake osawerengeka, palibe anathyoka. Mwana amamva mawu."

Anatenga phulusa n'kuthira mzere kuzungulira chulu, anasonkhanitsa adzukulu n'kuwauza kuti wodumpha mzerewu alibe mnzake. Mzere wa phulusa, anthuni, kwa mwana amene sadziwa n'komwe kuti moto umawotcha! Mvula yoyamba inautsuka. Ndinadandaula kwa Lameki, iye n'kundiyankha kuti, "Ndiye ukufuna ndikawauze bambo agwetse sukulu yawo? Uziyang'anira anawo." Ndinkawayang'anira. Ndinkapita kudambo ndikucheuka, ndinkasinja ndikucheuka, ngakhale kubafa ndinkasamba chitseko chili pululu.

Koma tsiku limene limandiwawa kuposa tsiku la maliro ndi la alendo.

Kunabwera uthenga woti amene anapanga pulogalamu ija akuyendera ophunzira a kumidzi kuti amve mavuto awo. Bambo anakonzekera ngati akukalalikira. Ankayendayenda pabwalo akubwereza zokanena: phunziro lizisungika mufoni kuti munthu akalitengere pa Nsaru tsiku la msika n'kudzaonera ali pakhonde pake, zilembo zikule, mayeso asamafe netiweki ikaduka. Ankaloza m'malere ndi chala ngati alendowo aima pomwepo. Ine mtima unatsika. Ndinati bambowa akatsika mumtengo, makwerero agwa okha.

Anabwera awiri pa galimoto, mnyamata wandevu ndi mtsikana amene anamanga chitenje pamwamba pa buluku, chikungomasuka. Anali aulemu, sindingawanamizire. Tinawaphera nkhuku. Atadya, mtsikanayo anati, "Bambo, ife chilichonse timapanga poganizira inu ophunzira. Inuyo ndinu chitsanzo chathu. Pa msinkhu wanuwu, eti! Tiuzeni momasuka." Anatulutsa kakhadi kojambulidwa nkhope zitatu, yoseka, yongoti duu, ndi yolira, n'kuti bambo aloze imene ikufanana ndi mmene akuonera pulogalamuyo.

Ine ndinali nditagwada chapafupi ndi beseni la madzi osamba m'manja. Ndinaona chala chawo chikuyenda. Chinaima pang'ono pamwamba pa yolira ija. Kenaka anayang'ana mtsikanayo, mwana wa msinkhu wa ana amene ankawaphunzitsa, wangodya kumene pakhomo pawo, akumwetulira ngati wodikira kuchongeredwa. Chala chinasuntha n'kugwera pa yoseka.

"Zonse zili bwino, ana anga. Timavuto tilipo, koma ndi ta ukalamba wangawu. Pitirizani."

Madzi anatayikira pachitenje changa. Mtsikanayo anasamba m'manja n'kunena kuti "zikomo asisi" maso ali kwina. Ine sanandifunse kanthu. Amayi Nachisale sanawafunse kanthu. Iwo anabwerera wophunzira, ndipo wophunzira kwa iwo ndi nkhope imodzi imene imaoneka pafoni, alibe mawondo, alibe adzukulu.

Ndiye anaona nsanja. Mnyamata uja anachita kuwomba m'manja. "Eee, taonani nzeru izi! Bambo, takwerani tikujambuleni." Bambo anakwera, jekete ili pathupi. Yankho anathamangira n'kuponda kamtengo koyamba, kenaka kachiwiri. Ndinadzuka kuti ndikamutenge, mnyamatayo n'kundikwezera dzanja. "Ayi mayi, musiyeni kaye pomwepo, chikukongola kwambiri." Chikukongola. Mwana wanga ali pa makwerero, iye akuti chikukongola. Ndinamulanda mwanayo ngati ndikulanda kwa fisi, koma anali atajambula kale.

Galimoto itapita, amayi Nachisale anaima pakati pa bwalo manja m'chiuno.

"Mawu onse aja mwamezera limodzi ndi nkhuku?"

"Munthu wadya pakhomo pako sumuchititsa manyazi, Nachisale."

"Nanga anabwerera chiyani? Nthuli?"

"Aona okha nsanjayo. Munthu wamaso akaona nkhalamba ili mumtengo safunika kuuzidwa. Akakonza."

Ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Ankayesa kuti anthu onse opanga zinthu amaima kumalire a munda n'kumaonerera msana wa wolima. Patapita nthawi, a Esinati, mphunzitsi wachitsikana wa pasukulu yapafupi amene ankachita maphunziro omwewo ndipo ankadzakwera nawo nsanjayo, anationetsa chithunzi pafoni yawo. Bambo ali m'mwamba akumwetulira, Yankho wanga ali m'munsi mwendo uli pa makwerero, pansi pake atalembapo mawu onyadira kuti maphunziro awo afika ngakhale kumene kulibe msewu. Pulogalamuyo sinasinthe ngakhale kadontho. Bambo anayang'ana chithunzicho nthawi yayitali, kenaka anatenga kasemasema n'kuyamba likhweru.

Mayeso anabwera mu Januwale, masana. Lamulo lake linali lakuti foni izikuona nkhope kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ukacheuka, ukalankhula, netiweki ikaduka, mayeso atsekeka, udikire chaka chamawa. Amene anakonza lamulo limenelo ndikufuna ndidzamuone. Ndikufuna adzandiuze ngati kwawoko mu Januwale kumagwa chiyani.

Anakwera awiri, bambo ndi a Esinati. Mitambo inadza kuchokera kumadzulo, yakuda bii, mphepo ikuweramitsa chimanga. Mabingu atayamba, a Esinati anatsika akulira, akuti bola chaka chamawa. Amayi Nachisale anaima patsinde akukuwa, "Tsikani inu! Mufera pepala?" Bambo sanayang'ane pansi. Sakanatha. Anangotulutsa dzanja kumbali n'kumaligwedeza ngati akuingitsa nkhuku, nkhope ili gwa pafoni. Mvula inakhuthuka. Pepala la pamwamba linang'ambika mbali imodzi. Ine ndinatsekera ana m'nyumba n'kuima pakhonde, ndikuwaona akutchinga foni ndi chipewa, madzi akutsikira m'khosi.

Anamaliza mayesowo. Anakulunga foni m'kajumbo ka shuga, anayika m'thumba la malaya, n'kuyamba kutsika dzanja limodzi litagwira pathumbapo. Timitengo tija tinali titamera ndere. Ndinamva phuu, ngati thumba la chimanga lagwa pangolo.

Ndinafika ndine woyamba. Mwambo ndinauiwala, ndinanyamula mutu wawo n'kuuyika pamiyendo panga, ndipo kanali koyamba kuwayang'ana kumaso chikwatiwireni. Maso awo anali aang'ono, otuwa m'mbali. Kanalinso koyamba iwo kundilankhula popanda wodutsamo.

"A Nabanda, taonani ngati foniyo yanyowa."

Ndinafuna kuiponya kudambo. Sinanyowe.

Linathyoka fupa la m'chiuno. Tinawanyamula pangolo mpaka pamsewu, kenaka pa minibasi kupita kuchipatala cha mishoni. Anagona kumeneko masabata angapo, chibayo n'kulowerapo. Amayi Nachisale atabwera kudzatenga ufa anandiyitanira kuseri n'kunditi, "Akuti ndikuuze kuti unkanena zoona. Akuti akatuluka achotsa timitengo tam'munsi, ayikepo kachitseko." Sanatuluke. Titayika maliro, foni ija inalira m'thumba la Lameki. Unali uthenga woti akhoza mayeso, pali timanja tojambula tikuwomba, ndipo m'munsi mwake nkhope zitatu zija, akuti aloze mmene anawaonera mayesowo.

Achibale anati katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka chiliza. Chaka chathunthu ndakhala ndikubereka Yankho kumsana, mwana woti amathamanga yekha, anthu akundiseka kuti ndikumulemaza. Ndinaunjika minga patsinde pa makwerero, ina inabaya a Esinati, ndipo ndinauzidwa kuti ndichotse. Ndinapirira, ndimati chiliza chikatha zitha. Ndiye Loweruka lija, anthu atakhuta, akuluakulu a banja anagwirizana kuti nsanja ikhale chikumbutso, makwerero apakidwe penti, ophunzira ena azidzakwera. Wina anabwera ndi chithunzi chija atachiyika m'galasi. Anthu anawomba m'manja.

Lolemba m'mawa ndinangotembenuka kuti nditsanule madzi mumtsuko. Nditacheuka, pabwalo panali zii. Kuseri kwa chigafa ndinapeza Tiyamike ataima patsinde, zala zili m'kamwa, misozi ikutsika. Ndinakweza maso. Yankho anali pansanja, wakwera pampando wa agogo ake, wayimirira, phale lili m'mwamba, akusendera kumphepete kumene matabwa anafumbwa.

Sindinakuwe. Ndikanakuwa akanadzidzimuka. Ndinakwera ndikuyimba kanyimbo kamene ndimamusambitsa nako, timitengo tikulira pansi pa mapazi anga. "Amama, netiweki iyipo!" anatero akuseka. Ndinati eya mwanawe, ilipo, bwera undionetse. Atayandikira ndinamugwira mwendo. Ndinamumanga kumsana ndi chitenje mfundo ziwiri, n'kutsika maso nditatseka.

Nditafika pansi ndinamupereka kwa Tiyamike, ndinalowa m'chigafa n'kutenga nkhwangwa.

Lameki anabwera akuthamanga kuchokera kudimba atamva kugogoda. "Iwe Nabanda! Wapenga? Za bambo zimenezo! Akuluakulu anena dzana lomweli!"

"Akuluakuluwo abereke awo adzakwere."

"Ukudziwa kuti ukhoza kubwerera kwanu ndi nkhani imeneyi?"

"Ndibwerera. Koma ndibwerera ndi ana awiri oyenda ndi miyendo yawo."

Sindinasiye kutema. Mpini wa nkhwangwayo unandikwana m'manja bwinobwino, poti anasema ndi iwo omwe, chaka chimene anaona kuti ya Lameki inkandilemera. Mlimo woyamba unaduka, wachiwiri unatsatira, makwerero anapendekeka n'kugwa chagada pachulu. Ndinawadula tizidutswa kuti wina asadzati tilumikize. Amayi Nachisale anali ataima pakona pa chigafa nthawi yonseyo. Lameki anawayang'ana kuti anene kanthu. Amayiwo anayenda pang'onopang'ono, anatola kamtengo kamodzi kamene panali posalala ndi phazi la amuna awo, anakasisita ndi chala. Kenaka anati, "Touma bwino iti. Tolani tikasonkhezere, mayi, nyemba zili pamoto."

A Esinati anabwera madzulo ake foni ili m'manja, anaima n'kuyang'ana m'mwamba. Ndinawapepesa, poti tsopano aziyenda mpaka pa Nsaru, ndipo iwo sanalakwe kanthu. Koma ndinawauza kuti anthu aja akadzabweranso ndi nkhope zawo zitatu, adzaloze yolira, ndipo asadzawaphere nkhuku asanaloze. Akadzafuna wina womufunsa, ine ndili pompano, beseni ndidzaliyika pansi.

Nsanja ikadali mumkuyu. Nthambi zam'munsi Lameki anadula yekha dzulo, osandilankhula, ndipo thunthu latsala losalala, lopanda pogwira. Mpando ukadali womangidwa ndi linya, wayang'ana kummawa kumene netiweki imachokera. Pepala long'ambika lija limakupiza kukachita mphepo, ndipo nkhuyu zikugwera pamatabwa popanda wosesa. Pachulu patsala maenje awiri mmene munalowa milimo. Ndawakwirira ndi dothi n'kupondaponda ndi chidendene. Yankho amapitabe pamenepo ndi phale lake, amalikweza m'mwamba, amayang'ana mpando wa agogo ake, amazungulira thunthu kufuna pokwerera. Akalephera amabwera kudzandiuza kuti netiweki palibe. Ndimamuyankha kuti eya, palibe, khala pansi udye.